Kholingo la a Thombozi

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, m'chigwa cha Bwanje, munali mkamwini wina dzina lake a Thombozi. Munthu ameneyu anamutulutsira mphasa panja m'chilimwe cha 1933 chifukwa cholawa mowa. Sindinati kumwa ayi. Ndati kulawa.

Ndikudziwa kuti dzinali mwalimva kale. Mwalimva pamaliro, mwalimva pazinkhoswe, ndipo nthawi zonse olitchula amakhala atagwira botolo m'manja. Amati a Thombozi ankamaliza mbiya yathunthu ataima ndi mwendo umodzi. Amati mowa unkawaopa. Wina chaka chatha anafika ponena kuti azungu a njanji ankawavulira chipewa. Bodza lokhalokha. Iwe Wayisoni, usaseke, chifukwa wina ameneyo anali iweyo. Tseka chitseko cha sitoloyo, ogula adikire, ubwere ukhale pakhonde pano pamodzi ndi mlongo wako Elufe. Ine malume wanu ndikuuzani monga anandiuzira aNanzunga, mkazi wa munthuyo, agogo anga obereka mayi. Anandiuza kawiri, patadutsa zaka khumi pakati, ndipo nkhaniyo sinakule ngakhale pang'ono. Umboni wotero ndi umene ine ndimaukhulupirira.

A Thombozi anali aafupi, ochepa thupi, ochokera kumapiri cha ku Tsangano. Sanali chidakwa. Chipanda chimodzi chinkawakwanira, chachiwiri chinkawagoneka. Khasu ankalidziwa, ana awo awiri ankawakonda, mawu oipa sankatulutsa. Vuto lawo linali limodzi lokha. Akagwira chinthu n'kunena kuti "uwu ndi mwambo," ngakhale ng'ombe zinayi sizikanawasuntha.

Tsono masiku amenewo kuno mowa sunali malonda. Unali wa dima, woitanira anthu kudzalima m'munda mwako. Unali wa maliro, unali wa ukwati. Anthu ankakhala bwalo limodzi, mbiya pakati. Mwini mowa ankagwada, n'kuvundula, n'kutunga chipanda choyamba, n'kumwa yekha onse akuona. Akuluakulu ankati kumeneko n'kuchotsa ufiti: ngati mu mbiyamo muli kanthu koipa, kayambe ndi mwini wake. Akatero, chipanda chinkazungulira. Mwamva? Mbiya imodzi, kulawa kumodzi. Onse analipo nthawi imodzi, onse anaona ndi maso awo. Mwambo wabwino, wanzeru, ndipo sunaledzeretsepo munthu.

Ndiye kunabwera njanji, ija yopita ku Salima. ANanzunga zaka sankaziwerenga, ankangoti "njanji isanaoloke mtsinje," ndipo chakacho ndinachita kuchipeza ndekha m'mabuku. Njanjiyo inabwera ndi amuna ambirimbiri, Asena ochokera kumunsi, Alomwe, Atonga, anthu opanda akazi, opanda minda kuno, okhala ndi makobiri Loweruka ndi ludzu tsiku lililonse. Amene anaona mwayi pamenepa ndi aNanzunga. Anati, "Anthu awa sadzatilimira. Koma mowa akuufuna. Tiwagulitse."

Anagawana ntchito. Mayi aphika, bambo agulitsa. Ndipo musaganize kuti kuphika mowa kunali ngati kutsitsa makuleti m'galimoto monga muchitira inu. Kuviika mawere, kumeretsa chimera, kuchiyanika, kupera pamphero mpaka mawondo achite zikang'a. Kutunga madzi kumtsinje, kutola nkhuni, kuphika phala, kuliphikanso mawa lake, kuthira chimera, kudikira kuti uwire, kusefa. Masiku asanu a msana wa munthu mmodzi. Ukapsa, uli ndi tsiku limodzi kapena awiri, kenako usasa, uutaye. A Thombozi ntchito yawo inali kunyamula mbiya ziwiri kupita nazo pansi pa mtengo wa bwemba uja unali m'mbali mwa njira, kuzika nsungwi yokhala ndi kansalu koyera pamwamba kuti odutsa adziwe kuti pali mowa, n'kukhala pansi. Basi. Kodi pali ntchito yophweka kuposa imeneyo?

Loweruka loyamba, atatsegula mbiya, analawa monga mwa mwambo, anthu atatu anayi a m'mudzi akuona. Masana kunafika gulu la ku njanji. Patsogolo panali Msena wina wamtali dzina lake Zuze, wonyamula zitsulo, munthu wanthabwala koma wochenjera. Anapereka kobiri lake, analandira chipanda, ananunkhiza, koma osamwa.

"Yambani ndinu, achimwene."

"Ndalawa kale m'mawa, potsegula mbiya," anatero a Thombozi.

"M'mawa ine ndinali kuti? Ndinali pansi pa chitsulo. Sindinaone kanthu. Kwathu n'kutali, achimwene. Ndikafera kuno adzandiika ndani, inu?"

A Thombozi anaganiza, n'kuona kuti mlendoyu akunena zoona. Anatenga chipanda, anakhudzitsa milomo, anabweza.

Zuze anapukusa mutu. "Kumeneko n'kupsompsona, si kulawa. Ndikufuna ndione kholingo likukwera n'kutsika."

A Thombozi anatukula chibwano kuti aliyense aone, anameza bwinobwino. Kholingo linakwera, linatsika. Zuze anaomba m'manja, anamwa. Wachiwiri pamzere anali ataona zonsezi. Kodi iye moyo wake unali wotsika mtengo? Nayenso anati, "Yambani ndinu." Wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi chimodzimodzi. Amuna makumi anayi, kumeza makumi anayi. Ena anagula kawiri, ena katatu, ndipo chipanda chilichonse chinayamba chadutsa pakhosi pa munthu uja ndanena kuti chachiwiri chinkamugoneka.

Dzuwa litapendeka, a Thombozi anaiwala kuti akugulitsa. Anayang'ana anthu atakhala mozungulira, mbiya pakati, mtima wawo unabwerera ku dima. Anaimirira n'kulengeza kuti, "Abale anga, kwathu kumapiri mlendo salipira! Imwani!" Mbiya yachiwiri inatha mwa njira imeneyo.

Mawa lake aNanzunga anawapeza atakhala pamthunzi, atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Bambo a Tiyese, mbiya yachiwiri ija yapita kuti?"

"Alendo amwa."

"Agula?"

"Athokoza kwambiri."

"Zikomo ameneyo ndimuviike kuti amere chimera?"



"Tamverani," anatero aNanzunga. "Muzilawa kamodzi, m'mawa, potsegula. Mukafuna muziitana mudzi wonse udzaone. Obwera masana muziwauza kuti mwalawa kale, mboni zilipo."

"Wobwera masana sanaone. Munthu amene sanaone, sunamulawire. Kumupatsa munthu chipanda chosalawa n'chimodzimodzi kumuuza kuti ukafa uzione wekha. Bambo anga sanachitepo zimenezo."

"Bambo anu anagulitsapo mowa?"

"Ayi."

"Nanga tsono?"

"Mwambo ndi mwambo, mayi a Tiyese."

Chimene chimandikwiyitsa ine pa nkhaniyi n'chakuti mfundo yawo sinali yopusa. Mlendo ali ndi ufulu woopa. Wogulitsa ali ndi udindo womuchotsa manthawo. Zonsezo n'zoona. Koma mwambo umene unapangidwira bwalo limodzi ndi mbiya imodzi, iwo anaunyamula wathunthu n'kuuika pamzere wa anthu obwera mmodzimmodzi, osafunsa ngati ukukwanapo. Ndipo m'mene unkawapweteka, m'pamene ankaugwiritsitsa. Kodi simunaonepo munthu wotero? Ine ndikumuona pano.

Loweruka lachiwiri anabwera ndi nzeru yawoyawo. Anadya mbatata zambiri m'mawa, kuti mowa ukapeze m'mimba muli kale anthu. Mbatata zinawathandiza kwa kanthawi ndithu. Tsiku limenelo sanagawe mowa waulere. Anavina. Anthu a ku njanji anayamba nyimbo yakwawo, a Thombozi anaimirira kuti awaonetse m'mene ngoma imapondedwera kumapiri, anatukula mwendo, anaponda, n'kuponda mbiya. Mbiyayo inali ya malemu mayi awo a aNanzunga, youmbidwa iwo asanabadwe. Inasweka pakati, mowa wa masiku asanu unamwedwa ndi dothi.

Apa aNanzunga sanakalipe. Anapita kwa mlongo wawo, a Mzembe, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. A Mzembe anali munthu wofatsa, wokonda alamu awo, ndipo anabwera akukoka miyendo.

"Alamu, ine sindinabwere ndi ndewu. Ndangotumidwa. Mlongo wangayu akuti Loweruka likubwerali likatha ngati awiri apitawa, mphasa yanu mudzaipeza panja. Inu mukudziwa kuti kuno ndinu obwera. Munda ndi wake, nyumba ili pamalo pake, ana adzatsala ndi mayi awo. Mudzakwera phiri lija nokha."

"Ndamva, alamu."

"Ndiye Loweruka mulawa kangati?"

A Thombozi ana awo ankawakonda, ndanena kale. Mkazi wawo ankamukonda. Aliyense akanaganiza kuti ayankha kuti kamodzi.

"Monga mwa kuchuluka kwa anthu obwera kudzagula, alamu."

A Mzembe ananyamuka, anakutumula fumbi pansalu yawo, anati, "Ine ndanena."

Loweruka lachitatu linali la kutha kwa mwezi, ndipo kunabwera gulu latsopano la Alomwe amene anali atangofika kumene ku msasa. Amenewa a Thombozi sankawadziwa, ndipo iwonso sankadziwa za mbiri ya Maloweruka awiri aja. Ankangodziwa kuti pa bwemba pali bambo wokhulupirika amene amalawira aliyense. Anthu anachuluka kuposa kale. Kunkatentha kwambiri, kutentha kwa m'chigwa muno mwezi wa Okutobala, kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. A Thombozi anayesetsa. Sanaimbe, sanavine, sanagawe. Anakhala chilili ngati chitsa, kutunga, kumeza, kupereka. Kutunga, kumeza, kupereka.

Dzuwa lili paliwombo, mnyamata wina wa gulu latsopano lija anapereka kobiri. A Thombozi anatunga, anatukula chibwano, anameza. Maso anatembenuka. Anagwa chagada, chipanda chili m'manja, thovu la mowa lili kukamwa.

Tsono taganizani. Kodi kulawa kuja kunali kwa chiyani? Si kuja ndati ngati muli kanthu koipa kayambe ndi mwini wake? Ndiye anthu makumi asanu, mowa uli m'mimba mwawo, akuona wolawa wameza n'kugwa pomwepo. Inu mukanaganiza chiyani?

Wina anakuwa, "Wolawa wagwa!"

ANanzunga ankati chipwirikiti chotero sanachionenso moyo wawo wonse. Amuna akuluakulu anathamangira kutchire, zala kukhosi kuti asanze. Wina ankatafuna makala kuti aphe mankhwalawo. Wina anagona pansi n'kumatchula dzina la mayi ake ndi la mudzi wakwawo, kuti anzake akanene uthenga. Zimenezo lero timaseka. Koma ena sanathawe. Anatola mipini ndi miyala n'kulunjika kunyumba, akukuwa kuti, "Wophika ndani? Mayiyo ndi mfiti! Watithira mankhwala!" Mawu amenewo masiku amenewo sanali nthabwala. Mkazi akamutchula dzina limenelo pagulu, ngakhale apulumuke tsikulo, palibe akanadyanso chakudya cha m'manja mwake, ndipo dzinalo likanatsatira ana ake.

ANanzunga anali pamtondo akusinja. Anaika munsi pansi, anadutsa pakati pa anthuwo osathamanga, anafika pa bwemba. Analumpha amuna awo amene anali gone pansi, osawayang'ana n'komwe. Anatenga chipanda chachikulu pa zonse, anavundula mbiya mpaka pansi pamene pamakhala masese, anatunga chodzaza, anamwa chonse osapumira. Anachitembenuza kuti onse aone kuti mulibe kanthu. Kenako anakaima padzuwa.

"Ndaphika ndine. Ndaima pano. Ndikagwa, katentheni nyumba."

Anthu anadikira. ANanzunga sankamwa mowa kawirikawiri, ndipo anandiuza kuti mtengo wa bwemba unayamba kuoneka iwiri, koma analuma mano n'kuzika mapazi m'dothi, chifukwa ankadziwa kuti kungodzandira pang'ono, zatha. Ali chiimire choncho, Zuze anagwada pambali pa a Thombozi, anaika khutu pafupi ndi mphuno yawo, anamvetsera. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Abale, ine maliro ndawaonapo ambiri. Koma maliro oliza mkonono ndi oyamba ano."

Wina anaseka, kenako onse. Mipini inagwa pansi. Aja a kutchire anabwerako akupukuta kukamwa, ena akudandaula kuti ataya mowa wogula. Amene sanaseke ndi aNanzunga okha.

A Thombozi anadzuka dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Atafika kunyumba anapeza mphasa yopinda ili pakhomo, pamwamba pake nkhwangwa ndi khasu lawo.

"Koma mayi a Tiyese, lero sindinagawe. Sindinaswe kanthu. Ndalawira aliyense monga mwa mwambo."

"Inde. Ndipo chomaliza ndamwa ndine, miyala ili m'manja mwa anthu."

M'mawa mwake a Thombozi anakwera phiri.

Ena amati kuchokera pamenepo aNanzunga anathetsa zolawa. Si zoona. Alendo anali akuopabe, ndipo mantha awo anali oyenera. Chimene anachita ndi ichi. Potsegula mbiya ankamenya khasu lakutha ndi mwala kuti aliyense ali pafupi abwere, n'kulawa kamodzi onse akuona. Mbiya sinkalowanso m'nyumba kapena kuseri kwa mtengo, inkakhala poyera mpaka ithe. Wobwera mochedwa akati "yambani ndinu," iwo ankatunga n'kupereka chipandacho kwa amene anagula iyeyo asanafike, munthu amene wamwa kale, wakhala pomwepo ali moyo, ndipo sakana kumwanso. Wogula kaleyo ankameza kamodzi, aNanzunga n'kuthiramo kachikho kobwezera, n'kupereka kwa mwini wake. Kumeza kuja kunkagwetsa munthu mmodzi kunagawika pakhosi pa anthu makumi anayi, ndipo ankachita kukanganirana ntchitoyo. Pano pali ena amati mbasela inayambira pamenepo. Ayi. Mbasela inalipo kale pamisika. Tisamawonjezere.

Mvula inagwa, anthu analima, anakolola. A Mzembe analima mbali ina ya munda wa mlongo wawo, koma mbali ina inagonera. Patapita miyezi isanu ndi iwiri, Loweruka lina masana, a Thombozi anatulukira pa bwemba. Anali ataonda. Sanapite kunyumba. Anakhala kumapeto, pakati pa alendo, ngati munthu wa ku njanji. Nthawi yawo itakwana anatulutsa kobiri n'kulipereka ndi manja awiri.

"Wawa, mayi."

"Wawa."

ANanzunga anatunga, n'kupereka chipandacho kwa amene anali atangogula kumene a Thombozi asanagule. Munthuyo anali Zuze, chifukwa Zuze anali ataphunzira kukhala pafupi ndi mbiya.

A Thombozi anakhosomola. "Mwambo umati mwini mowa ndiye…"

"Mwini mowa walawa m'mawa," anatero aNanzunga. "Mukafuna, imwani. Mukapanda kufuna, njira ya ku Tsangano sinasunthe."

Zuze anatukula chibwano, analoza pakhosi pake ndi chala, anameza mochita kumveka. "Mwaona, achimwene? Lakwera, latsika. Munandiphunzitsa ndinu."

ANanzunga anathira kachikho kobwezera, anapereka. A Thombozi anachigwira chipandacho nthawi yaitali kwambiri, mpaka anthu anasiya kucheza. Pamaliro mumamva kuti apa anaimirira n'kulankhula mawu anzeru amene anagwetsa anthu misozi. Sanalankhule mawu anzeru alionse. Anamwa, anapukuta ndevu, anati, "Wapsa bwino."

ANanzunga anatenga chipanda, anachitsuka, anachipachika. Kenako, akuyang'ana mu mbiya, anati, "Nkhokwe yapendekeka. Nkhwangwa ija mwabwera nayo?"

"Ili apo, kuseri kwa chulu. Pamodzi ndi mphasa."

Mayi anga anabadwa chaka chotsatira. Chipanda chimene chija akanachikana, ine kulibe, mayi anu kulibe, inu kulibe, ndipo sitolo ino ikanakhala ya munthu wina.

Mwina mukuganiza kuti munthuyo anavomereza kuti analakwa. Ayi ndithu. Anakhala zaka zina makumi awiri ndi zisanu akutunga madzi, akuwaza nkhuni, akunyamula mbiya kupita nazo pa bwemba, ndipo Loweruka lililonse ankang'ung'udza kuti dziko laonongeka, alendo akulawirana okha ngati kulibe eni mudzi. ANanzunga ankawasiya ang'ung'udze. Koma chipanda chogulitsira sanawalolenso kuchigwira mpaka imfa yawo. Ameneyo ndiye ngwazi yanu imene mowa unkaiopa.

Tsono iwe Wayisoni. Uli ndi ndevu, uli ndi mkazi ndi ana awiri. Loweruka lapitali ogula anakugulira mabotolo, uyu limodzi, uyo limodzi, aliyense akuti, "Mwini malo, tsegulani lanu, tisamwe tokha." Unatsegula. Pofika madzulo unali utatsitsa vinyo uja wa pa shelefu yapamwamba n'kumathirira anthu m'makapu kuti amve kukoma kwake, ndipo mkazi wako anachita kudzakutenga pa wilibala anthu akuona. Elufe atakufunsa, unati kukana botolo la wogula n'kumunyoza, ndiye chikhalidwe cha malonda. Unayankhula ndi mawu ako, koma ine ndinamva a Thombozi.

Wogula ali ndi ufulu wokukhulupirira, ndipo ali ndi ufulu wokukayikira. Umusonyeze poyera kuti chimene ukumupatsa n'chabwino. Koma khosi lako si umboni wa aliyense. Kuyambira pa bwemba paja mpaka pa sitolo ino, banja lathu lagulitsa masese, lagulitsa wa m'mapaketi, lero tikugulitsa wa m'mabotolo ndi vinyo wochokera kutali, ndipo malamulo athu ndi awiri omwe aja anasiya aNanzunga. Botolo timatsegula pamaso pa wogula. Woima kuseri kwa kauntala samwa.

Makiyi ali ndi Elufe mpaka mwezi uno uthe. Iwe uzitsitsa makuleti.